Chikomekome cha Mkuyu: Kodi Matsenga a Kamera Angalowe M'malo mwa Nkhani?

 Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya mafilimu. Zida zojambulira zatsika mtengo masiku ano. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kanyama akhoza kubwereka drone n'kujambula mudzi wonse ali mlengalenga, ndipo kompyuta ya pakhomo ikhoza kuphulitsa galimoto yomwe palibe adaiwona mumsewu. Anzathu ambiri opanga mafilimu akondwa nazo, ndipo n'zoyenera kukondwa. Koma pakubuka chikhulupiriro choti ukakhala ndi matsenga otere, nkhani ndi anthu a m'nkhanimo n'zongowonjezera, zoganizira pambuyo ndalama zikatsalako. Ine ndikukana chikhulupiriro chimenechi, ndipo ndikufuna kupereka zifukwa zanga mwadongosolo kuti amene akutsutsa apeze pogwira.

Tiyambe tagwirizana pa mawu. Amene tidaphunzira Chichewa kusekondale ku Malawi timakumbukira kuti munthu wopezeka m'nkhani amatchedwa mpangankhani, ndipo ndondomeko ya zochitika, momwe china chimaberekera chinzake, imatchedwa tsatanetsatane. Matsenga a kamera ndikutanthauza luso lililonse lomwe cholinga chake choyamba n'kudabwitsa diso: kujambula kosadukiza, zilombo zopangidwa pa kompyuta, kulumpha kuchoka padenga, moto ndi ziphuliphuli.

Chilankhulo chathu chili ndi matsenga akeake, omwe galamala imawatcha mivekero. Tikati phwa, thi, zii, mbee, psuu, womvera amaona ndi kumva chinthu ngati chikuchitika pamaso pake. Mvekero uli ndi mphamvu mwakuti nthawi zina umakhala pamalo pa mneni. Tikhoza kunena kuti "Mbiya phwa!" ndipo chiganizo chakwana, palibe wofunsa mneni. Koma tayesani kuchotsa mwininkhani, mungoima pabwalo n'kufuula kuti "Phwa!" Anthu adzatembenuka, inde, kenako adzafunsa: chasweka n'chiyani, n'cha yani, waswa ndani? Akapanda kuyankhidwa adzabwerera ku zomwe amachita. Matsenga a kamera ndi mivekero ya filimu. Amakometsa, amafulumizitsa, ndipo nthawi zina amanyamula chochitika chonse. Chomwe sangathe n'kupereka mwininkhani. Mfundo yanga yonse yagona pamenepa.

Chitsanzo chomwe chimatikhudza ife tonse olankhula Chichewa chili pafupi ndi kuno komwe ndikukhala. Mu 2009 kudatuluka filimu ya District 9, yotsogoleredwa ndi Neill Blomkamp, mbadwa ya ku Johannesburg, mothandizidwa ndi Peter Jackson. Idajambulidwa ku Chiawelo, m'dera la Soweto, ndipo idadya ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni, zomwe n'zochepa pa filimu ya mtundu umenewo. Nkhani yake njakuti chombo cha zolengedwa za kudziko lina chidaima pamwamba pa Johannesburg mu 1982, ndipo zolengedwazo zidatsekeredwa m'zisakasa kuseri kwa mpanda. Dzina la filimuyi limakumbutsa District Six ya ku Cape Town, dera lomwe boma la tsankho lidalamula mu 1966 kuti likhale la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa mokakamiza. Ndipo idatuluka patangopita chaka chimodzi chichitikire zipolowe za mu Meyi 2008, zomwe zidayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Amalawi ndi anzathu a ku Mozambique ndi Zimbabwe ambiri adathawa m'nyumba zawo nthawi imeneyo, ena n'kubwerera kwawo pa mabasi chimanjamanja. Choncho filimuyi imakamba za ife, ngakhale sititchula.

Zolengedwa za mufilimuyi zidapangidwa mwaluso kwambiri pa kompyuta. Komatu si luso limenelo lomwe limagwira mtima wa woonera. Chimodzi mwa zolengedwazo chidapatsidwa dzina loti Christopher Johnson, chidapatsidwa mwana wamng'ono, ndiponso chidapatsidwa chofuna: kukonza chombo kuti chibwerere kwawo ndi mwanayo. Mzungu wa muofesi, Wikus van de Merwe, yemwe mbali yake adasewera ndi Sharlto Copley, amayamba ngati munthu wogawa zikalata zosamutsa anzake akumwetulira, kenako thupi lake limasanduka pang'onopang'ono kukhala la zomwe amazinyoza. Dzanja lake likamasintha, timachita mantha chifukwa tikudziwa kuti mwini dzanjalo ali ndi mkazi yemwe akufuna kubwerera kwa iye. Pano mvekero uli ndi mwininkhani. N'chifukwa chake filimuyi idapikisana nawo pa mphoto zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya malembedwe a nkhani.

Tsopano taonani mbali ina ya filimu yomweyo. Muli gulu la zigawenga zomwe zimatchedwa za ku Nigeria, zogulitsa zida ndi chakudya cha amphaka, ndipo mtsogoleri wake, Obesandjo, amafuna kudya dzanja la Wikus kuti atenge mphamvu. Amene adasewera mbali imeneyi ndi Mmalawi mnzathu, Eugene Khumbanyiwa, ndipo mawu otuluka pakamwa pa "Mnaijeriya" ameneyu ndi Chichewa. Khumbanyiwa adagwira ntchito yake bwino, ndipo palibe chomudzudzula nacho. Vuto lili kwa olemba. Cholengedwa cha pa kompyuta adachipatsa mwana, chisoni ndi chiyembekezo, pamene munthu wamagazi adangomupatsa njala ndi ukali. Sitikudziwa chomwe chidamuchotsa kwawo, yemwe amamudalira, kapena chomwe amaopa. Chilankhulo chake sichidasankhidwe kuti chitiuze kuti iye ndi yani, pakuti chikadatero chikadakhala Chiyoruba, Chiigbo kapena Chihausa. Chidangofunika kumveka chachilendo ndi choopsa m'khutu la woonera wa ku Los Angeles. Chichewa chathu chidagwiritsidwa ntchito ngati utsi ndi phokoso, mvekero wopanda mwininkhani. Boma la Nigeria lidakwiya, ndipo nduna yake yofalitsa nkhani, Dora Akunyili, idalamula kuti filimuyi isiye kuonetsedwa kumeneko. Filimu yodzudzula tsankho idagwa m'dzenje lomwe imachenjeza ena, ndipo idagwera pamalo penipeni pomwe idasiya kupanga ampangankhani.

Zomwe zidatsatira zikuphunzitsanso. Blomkamp adapatsidwa ndalama zoposa madola 100 miliyoni kuti apange Elysium, yomwe idatuluka mu 2013. Zooneka zake n'zokongola kuposa za District 9, koma ndi angati mwa ife angatchule dzina la mpangankhani wake wamkulu? Mwiniwakeyo adavomera poyera mu 2015 kuti nkhani ya filimuyo sadaikonze bwino. Ndalama zidachuluka kupitirira katatu, makina adakula, koma chogwira mtima chidachepa.

Vuto limeneli silidayambe ndi kompyuta. Mu 1948 Alfred Hitchcock adapanga Rope, filimu yooneka ngati idajambulidwa ulendo umodzi wosadukiza. Kamera za nthawi imeneyo zimatha kujambula mphindi pafupifupi khumi zokha, motero iye amabisa podulapo potseka kamera ndi msana wa jekete la wosewera. Pambuyo pake iye mwini adati chinali chionetsero chabe. Mu 2002 Alexander Sokurov adatulutsa Russian Ark, yojambulidwa ulendo umodzi weniweni m'zipinda 33 za nyumba yosungiramo zakale ya Hermitage ku St Petersburg, ndi anthu oposa 2,000. Ndi ntchito yodabwitsa, koma ambiri amene amaitamanda amakamba za momwe idajambulidwira, monga momwe timatamandira munthu wosenza mitsuko itatu pamutu osafunsa ngati muli madzi. Mu 2019 Ang Lee adapanga Gemini Man, momwe Will Smith amamenyana ndi Will Smith wachinyamata wopangidwa pa kompyuta. Idajambulidwa zithunzi 120 pa sekondi, pamene mafilimu ambiri amakhala ndi 24. Chithunzi chidayera mbee, nkhani idali yozizira, ndipo eni ake adaluza ndalama zambiri.

Luso lomwelo la kujambula kosadukiza limasanduka china likapeza nkhani yolifuna. Sewero la Adolescence, lomwe lidatuluka pa Netflix mu 2025, lili ndi zigawo zinayi, chilichonse chojambulidwa ulendo umodzi. Likukamba za mnyamata wa zaka 13 woganiziridwa kuti wapha mtsikana wa pasukulu pake. Kamera ikakana kudula, woonera amakakamizika kukhala pambali pa bambo wa mwanayo kupolisi, popanda pothawira, monga momwe bamboyo alibe pothawira. Pano luso ndi ululu wa mpangankhani zili pamodzi ngati nsima ndi ndiwo. Funso loyenera kufunsa pa luso lililonse ndi ili: likachotsedwa, tingataye chiyani chokhudza munthu wa m'nkhaniyi? Ngati yankho lili loti palibe, ndiye kuti lusolo lidaikidwa pofuna kutamanda wojambula.

Ndikudziwa chomwe ena mwa inu munene, ndipo si mfundo yopepuka. Mudzati: ife tidakulira m'mavidiyo sho, pa mabenchi a matabwa, tikuonera Bruce Lee, Jackie Chan ndi Van Damme. Chingerezi chawo sitimachimva, Chitchaina ndiye kutalitali, koma timalipira tsiku ndi tsiku. Kodi si umboni woti nkhonya ndi mateche zimakwanira pazokha? Ndiyankha pawiri. Choyamba, ndewu ya Jackie Chan ndi khalidwe la munthu. Iye amamenya akuthawa, amapweteka dzanja n'kulikupiza, amatola mpando, makwerero kapena ambulera chifukwa ndi munthu wamba wopanikizika yemwe sadafune ndewu. Mukamuonera mphindi ziwiri mumadziwa kuti ndi munthu wotani. Uku ndi kuja kwa "Mbiya phwa!": mvekero wanyamula ntchito ya mneni, koma mwininkhani alipo. Ndipo m'mafilimu aja tsatanetsatane adalipo, wosavuta kumva ngakhale kwa wosadziwa chilankhulo: aphedwa mphunzitsi, wophunzira akulumbira, akukonzekera, akubwezera.

Chachiwiri, kumbukirani chomwe chidachitika kompyuta zitafika m'matauni athu. Anyamata a ku Blantyre ndi Lilongwe adayamba kuika mawu a Chichewa pa mafilimu a ku India, China ndi Korea. Amapatsa osewera mayina a kwathu, amasandutsa mizinda yachilendo kukhala malo omwe timawadziwa, amafotokoza yemwe wakwatira mlongo wa yani ndi chifukwa chomwe uyu akudana ndi uyo. Ku Tanzania, Kenya ndi Uganda kuli ntchito yofanana nayo m'zilankhulo zakumeneko. Ngakhale kuno ku Nellmapius, mafilimu omasuliridwa otere amayenda pa mafoni a Amalawi, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Akadakhala kuti anthu amangofuna nkhonya, womasulira sakadapeza msika, pakuti nkhonya siisowa womasulira. Anthu amalipira kuti amve chomwe chili pakati pa ndewu ndi ndewu. Msika wathu womwe udaweruza kale mlandu umenewu.

Ndipo ife, mwa anthu onse, sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo. Dziko la Malawi lidalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Mibadwo yathunthu idaleredwa ndi Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, masewero opanda chithunzi n'chimodzi chomwe, koma mabanja amasonkhana mozungulira wailesi ngati pamoto. Ku Zambia, Julius Chongo adagwira makutu a olankhula Chinyanja ndi pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akusintha mawu kukhala mfumu, nkhalamba ndi mwana. Chongo adali katswiri wa mivekero, ndipo Ernst Wendland adalemba zambiri za luso lake. Koma mivekero yake imagwa pa anthu omwe womvera adali atawadziwa kale, n'chifukwa chake imaluma. Izeki ndi Jakobo, omwe mayina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, amadzaza maholo ndi zovala zachikale ndi pakamwa basi, chifukwa aliyense amadziwa munthu wofanana nawo m'mudzi mwake.

Ngakhale pabwalo la gule wamkulu, pomwe maso amadya mokwanira, phunziro ndi lomweli. Makanja akatulukira, wamtali kuposa denga, ana amathawa ndipo akulu amagwira pakamwa. Koma gule aliyense amabwera ndi dzina, nyimbo ndi mwambo wake. Chadzunda ali ndi khalidwe lake, Maliya ali ndi lake, Simoni ali ndi lake, ndipo Kasiyamaliro ali ndi nthawi yake yotulukira. Amene adafikapo ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kapena kunyumba yosungiramo za chikhalidwe ku Mua, yomwe adayambitsa bambo Claude Boucher, akudziwa kuti makolo sadalekanitse chodabwitsa ndi chiphunzitso. Pomwe UNESCO idalemekeza gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, idalemekeza zonse pamodzi.

Mafilimu abwino okamba za kwathu atsata njira yomweyi. The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor, idatuluka mu 2019 ndipo idajambulidwa ku Malawi. Ikukamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndi njala ya 2001 ndi 2002. Ambiri tidadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka ena mwa osewera akunja, ndipo dandaulo limenelo ndi loona. Koma taonani kusiyana kwake ndi District 9. Muno Chichewa chikulankhulidwa ndi anthu omwe ali ndi munda, ngongole ndi manyazi. Filimu yonse ikukamba za makina, komabe pampondachimera pake si pomwe makinawo akuzungulira. Ndi pomwe mwana akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule. Njingayo ndi chuma chotsiriza cha pakhomo, ndipo bambo Trywell ayenera kusankha pakati pa ulemu wawo ndi kukhulupirira nzeru za mwana yemwe iwo alephera kumulipirira sukulu. Mphepo ikadzazunguza makina aja timasangalala chifukwa tikudziwa mtengo womwe udalipiridwa.

Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, adaonetsa mu I Am Not a Witch ya 2017 kuti chodabwitsa sichifuna mamiliyoni. Amayi onamiziridwa ufiti amamangidwa nsalu yoyera yaitali kumsana, yokulungidwa pa chimtengo chozungulira, ati kuopa kuti angauluke. Nsalu wamba imeneyo ikunena zonse za moyo wa kamtsikana kotchedwa Shula: kutalika kwa nsalu ndiko kutalika kwa ufulu wake. Filimuyi idapambana mphoto ya BAFTA mu 2018. Ku Malawi, Charles Shemu Joyah adayamba ndi Seasons of a Life mu 2008, nkhani ya mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake, yemwe pambuyo pake amamenyera mwana wake kukhoti. The Road to Sunrise yake idapambana mphoto ya Africa Magic ya filimu yabwino ya kumwera kwa Africa mu 2018, monga momwe Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula idachitira mu 2016. Palibe mwa mafilimu amenewa yomwe idapambana chifukwa chophulitsa galimoto.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yofunika kwa ife, osati kwa a Hollywood okha? Chifukwa ndalama zathu n'zochepa, ndipo kwacha iliyonse yopita ku chionetsero imachoka pa china. Pa mpikisano wa matsenga tidagonja tisadayambe, pakuti woonera wathu ali ndi Marvel pa foni yomweyo. Chimene Marvel ilibe ndi mayi wa ku Mangochi yemwe akulera ana a eni ku Pretoria East pamene ake akuleredwa ndi agogo. Mnyamata wa ku Mzimba yemwe chiphaso chake chidatha masiku koma kwawo akudikira malata. Gulu la maliro lomwe likusonkha ndalama kuti thupi la mnzawo liwoloke Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue mpaka likagone kwawo. Mdzukulu wa mtchona wa ku Mbare yemwe ali ndi dzina la Chichewa koma mudzi wa agogo ake sakuudziwa. Anthu amenewa ndimakwera nawo taxi tsiku lililonse. Tikapanda kuwalemba ife ngati ampangankhani athunthu, ena adzawajambula ngati mthunzi wodutsa kumbuyo, ndipo chilankhulo chawo chidzakhalanso phokoso loopsezera.

Choncho pempho langa kwa opanga mafilimu athu ndi ili. Musanabwereke drone, lipirani mlembi, ndipo mumpatse nthawi yolemba kawiri kapena katatu. Mpangankhani aliyense, ngakhale wakuba, akhale ndi chomwe akufuna, chomwe chikumutsekereza ndi chomwe angataye. Samalani pakamwa pa anthu anu: gogo wa ku Dedza asalankhule ngati mtolankhani, mpongozi asaitanidwe ngati mnzako wa kusukulu, ndipo wa ku Chipata amveke kuti ndi wa ku Chipata. Nkhaniyo ikalembedwa, iwerengeni mokweza pamaso pa anthu asanu, popanda chithunzi chilichonse, monga zimakhalira pa wailesi. Akafunsa kuti "kenako zidatani?", katengeni kamera. Akayamba kuyang'ana mafoni awo, bwererani ku cholembera, pakuti drone siidzachiza matenda amenewo.

Ifenso oonera tili ndi mbali yathu. Tikamayamikira filimu ya kwathu ndi mawu oti "yajambulidwa ngati yakunja" basi, tikuphunzitsa opanga kuti khungu ndilo tikufuna. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tizibenthula mkuyuwo tisanautamande: tizifunsa dzina la munthu wa mufilimuyo, chomwe amafuna, ndi ngati tingamuzindikire titakumana naye pamsika. Amene muli ndi filimu yomwe mukuikhulupirira kuti idaima pa matsenga okha n'kukhalabe m'mitima ya anthu zaka khumi, itchuleni, tiiunike pamodzi.